Tsiku la chipatala chaulere ku Kanyama: kodi ulaliki ubwere mankhwala asanaperekedwe?

Mlembi wa komiti ya zaumoyo

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse a pagulu lino, landirani moni. Monga mukudziwa, mipingo yathu isanu yakhala ikukonza tsiku lopima anthu ndi kupereka mankhwala mwaulere ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, mvula isanagwe, ndipo alendo ochokera kunja, madokotala awiri ndi anamwino atatu, alonjeza kudzagwira nafe ntchitoyi. Za malo, matenti ndi chakudya tinamvana bwino, koma Loweruka tinabalalika tisanagwirizane pa mfundo imodzi. Ena akufuna kuti aliyense wobwera ayambe wakhala mu tenti ya mapemphero ndi kumva Mawu kwa mphindi 30, ndipo potuluka m'menemo ndi pamene alandire kakhadi ka nambala kokaonera dokotala. Ena akuti makhadi aperekedwe pachipata potsata mmene anthu afikira, ndipo wofuna pemphero apite yekha ku tentiyo. Komiti yandituma kuti ndibweretse nkhaniyi kuno, popeza pakati pathu pali anthu amene anagwirapo ntchito m'zipatala za mishoni zaka zambiri. Ndikupempha kuti tilankhule momasuka koma molemekezana.

Mbusa, Kanyama

Zikomo alembi. Ine ndine mmodzi mwa amene anapempha kuti Mawu akhale patsogolo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ambuye potuma ophunzira khumi ndi awiri aja pa Luka 9 anawapatsa ntchito ziwiri pamodzi, kulalikira Ufumu ndi kuchiritsa odwala, ndipo munthu wofa ziwalo amene anzake anamutsitsira padenga pa Marko 2 anayamba wamva za kukhululukidwa kwa machimo asananyamule mphasa yake. Makolo athu m'chikhulupiriro anatsata njira yomweyo. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Magwero, kummawa kwa Zambia, mu 1899 sanamange tchalitchi chokha, pakuti m'kupita kwa zaka panabwera sukulu ya osaona pa Magwero pomwepo, malo osamalira akhate ku Nsadzu, ndi chipatala cha Nyanje. A Adventist anatsegula chipatala cha Mwami mu 1927, ndipo palibe amene anagonapo kumeneko osadziwa kuti walowa pamalo a Mulungu. Tikachotsa ulaliki, tisiyana pati ndi mabungwe ena onse amene amalowa m'makomboni muno ndi magalimoto oyera? Ine ndimakhala ku Kanyama kuno ndipo ndimaika maliro pafupifupi sabata iliyonse. Ambiri mwa amene adzabwere tsikulo sadzapondanso pakhomo pa tchalitchi, choncho mphindi 30 sindikuziona ngati mtengo wokwera.

Namwino wopuma, Matero

Abusa, ndakumvani, ndipo mawu amene andiima pamtima ndi omalizawo, akuti mtengo. Chinthu chikakhala ndi mtengo, ngakhale wotsika chotani, sichilinso chaulere, ndiye kuti pachikwangwani chathu tiyenera kulembapo zina.

Ine ndinagwira ntchito zaka 26 pa chipatala china cha mishoni kummawa, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene zinthu zinkayendera, chifukwa nthawi zina timakumbukira mishoni imene kunalibe. Ndi zoona kuti m'mawa uliwonse tisanayambe ntchito tinkasonkhana, kuimba nyimbo imodzi, kuwerenga ndime ndi kupemphera, ndipo odwala m'mawodi ankamva zonse chifukwa mazenera anali otsegula. Ndi zoonanso kuti tinali ndi mlaliki wathu amene masana ankayenda bedi ndi bedi. Koma pa zenera la mankhwala panalibe amene ankafunsa ngati munthu wamva ulaliki, ndipo mlalikiyo sankagwira khadi la wodwala ngakhale limodzi.

Usiku wina nyengo ya dzinja anatibweretsera mwana wa zaka zitatu, thupi lili moto, maso atatembenuka, malungo atamukwera kumutu. Bambo ake anali munthu wa kudambwe wodziwika m'midzi yonse yozungulira, ndipo mwanayo anali ndi kachithumwa m'chiuno ndi mphini zatsopano pachifuwa. Mnzanga wina wachangu pa za Mulungu anatenga lumo kuti adule kachingweko tisanaike diripi. Sisita wamkulu anamugwira dzanja n'kumuuza kuti mtsempha umene tikuufuna uli pamkono, suli m'chiuno. Tinaika kwinini, tinachezera naye usiku wonse, ndipo tsiku lachitatu mwanayo anapempha phala. Patapita mwezi bamboyo anabwera pa njinga atanyamula tambala. Iye sanasiye Gule mpaka imfa yake, koma kuyambira nthawi imeneyo aliyense wodwala m'mudzi mwake ankamutumiza kwa ife msanga, ndipo mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri anadzalowa kalasi patapita zaka popanda wina kuwakoka. Tikanadula kachingwe kaja, ndikhulupirira kuti akanamunyamula mwanayo n'kubwerera naye kwa sing'anga diripi isanathe.

Mkulu wa mpingo, Chawama

Amayi mwanena zoona, koma ine ndikuona kuti tonse tikukangana za tsiku lopimalo pamene vuto lenileni lili Lolemba lotsatira, alendo atapita. Ndiloleni ndinene zimene zinachitikira mlongo wanga, ngakhale kuti n'zowawa kuzilemba.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera gulu la alendo pa bwalo lina kuno kwathu, ndi matenti, zimkuzamawu ndi omasulira. Mlongo wanga anapitako chifukwa cha mutu wosatha. Atamupima anapeza kuti BP yake ili 190 pa 110, anamupatsa timapilisi ta masiku 14 m'kathumba ka pulasitiki, anamupempherera mwachikondi ndithu, n'kujambula naye chithunzi. Palibe amene anamuuza m'chinenero chake kuti matenda amenewa satha, kuti mankhwala ake ndi a moyo wonse, kapena kumulembera kalata yoti apite nayo ku kiliniki. Mapilisi atatha mutu unali utaleka, iye n'kuyesa kuti wachira, mpaka anakachitira umboni m'tchalitchi. Patapita miyezi isanu anagwa akusambitsa mdzukulu wake, ndipo mpaka lero dzanja ndi mwendo wa kumanja sizigwira ntchito, kulankhulanso kumamuvuta. Kathumba kaja ndinakapeza m'Baibulo mwake, dzina la mankhwala litalembedwa ndi inki imene inali itafufutika kale.

Alendowo sindiwada, pakuti anabwera ndi mtima wabwino ndipo ndege analipira okha. Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ngati ife eni dera sitikonzeratu za amene adzatsale dzuwa likakwera, kaya ulaliki ukhale poyamba kaya pomaliza, tidzavulaza anthu m'dzina la Yesu.

Wophunzira udokotala, Ridgeway

Makolo anga, ndine wamng'ono pagulu lino, koma ndipemphe kuwonjezerapo za malamulo, chifukwa zimenezi zikhoza kuimitsa tsiku lonse. Dokotala wochokera kunja saloledwa kugwira wodwala m'dziko muno asanalembetse ku Health Professions Council of Zambia, anamwino nawonso ali ndi bungwe lawo la Nursing and Midwifery Council, ndipo mankhwala amene alendo amabwera nawo m'masutikesi amafuna chilolezo cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ngakhale akhale ongopereka mwaulere. Mapepala amenewa amatenga nthawi, choncho alembi afunse alendowo msanga ngati anayamba kale. Tiyeneranso kudziwitsa ofesi ya zaumoyo ya m'boma la Lusaka ndi kupempha kuti anamwino a chipatala cha Kanyama adzakhale nafe, popeza iwowo ndi amene adzalandire odwala athu pambuyo pake.

Pa nkhani ya mlongo wa akulu a mpingo, matenda monga BP, shuga, khunyu, TB ndi HIV sathandizika ndi tsiku limodzi. Phindu la tsiku lotere ndi kupeza munthu amene sankadziwa kuti akudwala n'kumulumikiza ndi kiliniki ya pafupi naye. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tipereke mankhwala okhawo amene amapezekanso m'zipatala za boma, kuti wodwala akapitirize omwewo.

Abusa atchula zipatala za mishoni, ndipo ndi bwino tikumbukire chimene chazisunga mpaka lero. Mu 1970 mipingo, Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, inapanga bungwe limodzi limene masiku ano timalitcha CHAZ, logwirizanitsa zipatala za mipingo, ndipo pali mgwirizano ndi Unduna wa Zaumoyo woti boma lizilipira antchito ambiri a m'zipatalazo ndi kutumizako mankhwala. Ndalama zimenezo ndi msonkho wa Mkhristu, Msilamu, Mhindu ndi wosapemphera yemwe. Tikafuna kuti anamwino a boma adzaime nafe, sitingawapemphe kuti apime okhawo amene adutsa mu tenti ya ulaliki.

Mayi wa Chigwirizano, Chilenje

Mwana wanga, walankhula ngati munthu wamkulu. Ine ndikufuna kukumbutsa abusa za kolera, pakuti iwonso analipo. Kuyambira Okutobala 2023 mpaka miyezi yoyamba ya 2024 matendawa anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri a iwo kuno ku Lusaka, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo ana sanatsegulire sukulu mpaka Febuluwale. Amayi a mpingo tinkayenda khomo ndi khomo ku Kanyama titanyamula klorini ndi mapaketi a madzi a moyo, mankhwala a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi. Pa nyumba ina tinapeza mayi wachisilamu amene mwamuna wake anali atatengedwa dzulo lake kupita ku Heroes, ndipo sanali atamva kanthu za iye. Tinathira klorini m'zigubu zake, tinamusonyeza kasungunulidwe ka paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi, tinatsuka chimbudzi, ndipo Baibulo silinatuluke m'chikwama. Tikutsanzika, iye mwini anandigwira chitenje n'kupempha kuti timupempherere mwamuna wake, ndipo tonse tinagwada pa simenti yonyowa ija. Pemphero limenelo ndimalikumbukira kuposa maulaliki ambiri amene ndamva, chifukwa analipempha yekha.

Tikanaima pakhomo n'kunena kuti klorini aperekedwa akatha kumva Mawu, akanamvetsera ndithu, pakuti m'nyumbamo munali ana anayi, koma akanamvetsera monga mmene munthu wa lendi amamvetserera mwini nyumba.

Chinanso chimene sichinatchulidwe n'chakuti tisankhe bwino anthu oima mu tenti ya mapempheroyo. Tonse tikudziwa za aneneri ena amene amauza anthu kuti ataye ma ARV chifukwa achiritsidwa, ndipo ena mwa owamverawo tinawaperekeza kumanda ife tomwe. Aliyense wopempherera odwala tsikulo alonjeze pamaso pa komiti kuti sadzauza munthu kusiya mankhwala.

Mbusa, Kanyama

Ndawerenga zonse kawiri. Nkhani ya mlongo wa akulu a mpingo yandikhudza kwambiri, ndipo pa za Lolemba ndavomera kotheratu. Pa za aneneri otayitsa mankhwala, amayi, ndili nanu, ndipo ndidzaima pa tentiyo ndekha. Koma ndisabise nkhawa yanga. Ndaonapo ntchito za chifundo zimene zinayamba ndi pemphero, patapita zaka zochepa pempherolo n'kusanduka mwambo wa mphindi imodzi wotsegulira msonkhano, kenako dzina la Yesu n'kuchotsedwa pachikwangwani kuti opereka ndalama asakhumudwe. Amayi namwino akunena za chipatala chimene chinali pamalo amodzi zaka zambirimbiri, pamene anthu anali ndi nthawi yoona moyo wa antchito ake. Ife tili ndi maola asanu ndi atatu okha. Munthu adzadziwa bwanji kuti amene wamupima magazi wachita zimenezo chifukwa cha Khristu ngati palibe womuuza?

Ndiululenso chinthu chimodzi. Alendo athu ananditumizira fomu yofuna chiwerengero cha amene adzalandire Yesu tsikulo, kuti akasonyeze mipingo imene yasonkha ndalama kwawoko. Fomuyo sindinaikonde, koma ndi imodzi mwa zinthu zimene zinandikankha kuti ndiumirire za tenti yoyambira.

Kalipentala, Garden

Abusa ndi nonse, ine sindinaphunzire za chipatala, koma ndinakhalapo mbali ya wodwala. Mwana wanga wachiwiri anabadwa mapazi onse awiri atapindikira mkati. Tinapita naye ku chipatala china chachikhristu kumene ankamumanga pulasitala watsopano sabata iliyonse, kenako anamupatsa nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, ndipo lero amathamangitsa mpira ngati anzake. Sitinalipire ngakhale ngwee imodzi, ndipo anthu ake ndimawayamika mpaka lero. Koma tsiku loyamba, munthu yemweyo amene ananyamula mafaelo a ana athu anatifunsa ngati angapemphere nafe ndi kutiuza za chipulumutso. Anafunsa mwaulemu, ndipo ine sizinandivute. Pambali panga panali bambo wina wa mpingo umene supemphera pamodzi ndi mipingo ina, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anavomera, anaweramitsa mutu, koma titatuluka anandinong'oneza kuti anaopa kuti akakana, faelo ya mwana wake ipita pansi pa mulu. Faeloyo sikanapita pansi, koma iye akanadziwa bwanji? Munthu amene mwana wake ali m'manja mwanu alibe pakamwa pokanira, ngakhale mumufunse mofatsa.

Katekisiti, Bauleni

Abambo a ku Garden akhudza pachilonda penipeni. Abusa, tikuyamikeni poulula za fomu ija, ndipo ndikupemphani kuti muibweze. Pa Luka 17 akhate khumi anachiritsidwa onse ali m'njira, amene anabwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, Msamariya, ndipo asanu ndi anayi aja khate silinawabwerere. Fomu ya alendo athu ikanalemba tsiku limenelo ngati tsiku lolephera. Pa Yohane 6 Ambuye mwini anadzudzula khamu limene linkamutsata chifukwa chodya mkate n'kukhuta, ndiye ife tidzamuwerenga bwanji munthu wokweza dzanja kuti apeze kakhadi?

Nkhawa yanu ya maola asanu ndi atatu ndi yomveka, koma ine ndikuona kuti tiwonjezere masiku m'malo mothinitsa zonse m'maola amenewo. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayamba mu 1948 m'manja mwa a Anglican, ndipo masiku ano amachiyendetsa limodzi ndi ife Akatolika, zimene zokha ndi ulaliki kwa aliyense wodziwa mmene mipingo inkakanganirana midzi kale. A Salvation Army ku Chikankata mu 1987, Edzi itafika povuta ndipo mankhwala ake kulibe, anayamba kutsata odwala kumakomo kwawo, ndipo ntchito yotere inadzafika mpaka m'maparishi a Lusaka, kumene amayi a m'miphakati ankasambitsa odwala, kuwachapira zofunda ndi kuwaphikira phala. Ine ndinkayenda nawo ndili mnyamata. Anthu ankafunsa za Mulungu ali chigonere pa mphasa, pa ulendo wathu wachitatu kapena wachinayi, ndipo mafunso ake anali ovuta kuposa amene ndimafunsidwa pa katekisimu.

Tisaiwalenso mmene nyengo yasinthira. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo mu Meyi kazembe wake kuno analengeza za kudula madola 50 miliyoni pachaka a mankhwala, ponena za kubedwa kwa mankhwalawo. Ntchito yoyendera odwala m'makomboni ikubwerera m'manja mwa mipingo, tifune tisafune.

Namwino wopuma, Matero

Abusa, sindikufuna kuti dzina la Yesu libisike, ndipo ndikanakhala woyamba kukana zimenezo. Pachikwangwani palembedwe poyera kuti ndi mipingo ya Khristu imene yachita izi. M'mawa tisanapime munthu woyamba, inu muime pa chimkuzamawu, tiimbe, mupemphere ndi kunena mwachidule chifukwa chimene tabwerera, monga tinkachitira kumishoni, koma makhadi akhale atafika kale m'manja mwa anthu. Tenti ya mapemphero ikhale kuseri kwa tebulo la mankhwala, pambali pa njira yotulukira, kuti munthu afikepo kathumba kake kali kale m'manja ndipo athe kuidutsa popanda kuyang'anidwa. Wogwira khadi kapena mankhwala asaitanire munthu ku pemphero, ndipo wopempherera asaone khadi.

Pa za Lolemba, aliyense wopezeka ndi BP kapena shuga wokwera atuluke ndi kalata yopita ku kiliniki, ndipo timufunse ngati angalole kuti amayi awiri amuyendere pakatha sabata ziwiri kukaona ngati anapitadi. Wokana asalembedwe. Zotsatira za HIV zisalowe m'kaundula wa mpingo ngakhale pang'ono, pakuti zimenezo ndi za wodwala ndi namwino basi. Ine miyendo yayamba kuvuta, koma ndikhoza kuphunzitsa amayi khumi kupima BP kwa Loweruka atatu.

Mkulu wa mpingo, Chawama

Amayi, pa amayi khumi amenewo mkazi wanga alembedwe woyamba. Ndikupemphanso kuti kalatayo, kupatula za dokotala, ikhale ndi mizere iwiri ya m'Chinyanja ndi m'Chibemba yonena kuti mankhwalawa sasiyidwa mutu ukaleka.

Mlembi wa komiti ya zaumoyo

Zikomo nonse. Ndikapereka maganizo a amayi namwino ku komiti Lachinayi monga mmene awalembera. Mwana wathu wa ku Ridgeway, ndikupempha undilembere mayina a mapepala onse amene alendo akufunika, kuti ndiwatumizire mawa. Abusa, mawu anu omaliza ndi otani?

Mbusa, Kanyama

Makhadi aperekedwe pachipata, ndavomera. Sindinakhutire kwenikweni, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri adzadutsa tentiyo osacheuka, ndipo zimenezo zidzandipweteka ndikuziona ndi maso. Ndikupempha zinthu ziwiri. M'mawa mundipatse mphindi khumi, ndipo amayi oyendera odwala aloledwe kunyamula Baibulo m'chikwama kuti wofunsa asabwezedwe chimanjamanja. Fomu ija ndiwalembera alendo usiku uno kuti sitidzaidzaza, koma kuti pakatha miyezi itatu tidzawatumizira chiwerengero cha amene anafikadi ku kiliniki. Akakhumudwa n'kubweza ndalama za matenti, tidzapimira anthu m'tchalitchi mwathu, mabenchi tidzakankhira kukhoma. Alembi, makina opimira BP tili nawo awiri mu ofesi ya mpingo, koma amodzi akufuna mabatire ndipo lamba wake ndi wochepa kwa anthu a mikono ikuluikulu.